Lole ya Loweruka inali pa tsamba lachinayi

Ndakhala chete teremu yonse chifukwa cha kuchonga mayeso, koma lero ndabwera ndi nkhani imene yakhala ikundisowetsa mtendere. Ndiyambe ndi mfundo yanga kuti amene bandulo yatsala pang'ono kumuthera apite nayo. Kalembedwe ka kalata yodandaula ndi chimangirizo cha mtsutso kamene timaphunzitsa ana tinakakonzera munthu wokhala pa desiki, atagwira pepala m'manja, ali ndi nthawi yake. Munthu ameneyo akusowa masiku ano. Ambiri amene amalandira madandaulo athu akuwerengera pafoni, ndipo ngati pempho lako silili m'mizere yoyambirira, adzalipeza zinthu zitaonongeka kale.

Izi sindinazitole m'buku, zinandionekera ine ndemwe.

Mnzathu wina amene tinkaphunzitsa naye anatisiya chaka chatha atadwala nthawi yochepa. Sinditchula dzina lake kapena sukulu, omudziwa mukumudziwa. Anasiya mkazi ndi ana atatu, nyumba ya njerwa zootcha imene anamanga ndi ngongole, ndi katundu wa m'nyumba. Wilo sanalembe, monganso ambirife sitinalembe. Patapita miyezi ingapo abale ena a malemuwo anayamba kufika pakhomopo, poyamba ndi mawu ofatsa, kenako ndi mawu olimba. Mapeto ake anauza mayiwo kuti Loweruka abwera ndi lole kudzatenga zimene iwo ankati n'za m'bale wawo.

Mayiwo anafika kwathu Lolemba madzulo maso ali gwa. "Alamu, inu ndinu aphunzitsi a zilankhulo, ndilembereniko kalata. Ine mutu sukugwira." Ndinakumbukira mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa mu Fomu 3 ndi Fomu 4, amene pano amagwira ntchito za malamulo m'tauni. Nditamuimbira anandiyankha mwaulemu: "Aphunzitsi, musadandaule. Lembani nkhani yonse munditumizire pa WhatsApp, ndiiona."

Tinakhala pansi ndi alamu anga mpaka usiku. Ndinalemba kalata imene ndikanaipatsa malikisi 18 pa 20 akanalemba mwana wa m'kalasi mwanga. Keyala pamalo pake, tsiku, malonje, mutu wotseka mzere kunsi. Chiyambi chinali chothokoza Mulungu ndi kuthokoza wowerenga. Kenako ndinafotokoza m'mene awiriwo anadziwirana, chinkhoswe, ukwati, kubadwa kwa ana, kumanga nyumba, matenda, maliro ndi amene anathandiza pamaliropo. Tsamba lachitatu linali la maulendo a abale aja. Lole ya Loweruka inalowa pa tsamba lachinayi, ndipo pempho lenileni linali pa tsamba lachisanu, m'mathero, monga timaphunzitsira. Magetsi anali atazima, choncho ndinajambula masamba asanuwo ndi foni mwana wanga akuunikira ndi tochi, n'kutumiza. Ndinagona ndikudzitamandira mumtima.

Lachiwiri kunali zii. Lachitatu chimodzimodzi. Lachinayi usiku foni inalira.

"Aphunzitsi, bwanji simunandiuze kuti lole ikubwera mkuja?"

"Ndinakuuzani mwana wanga, zili pa tsamba lachinayi."

"Pepani aphunzitsi. Ndinawerenga masamba awiri m'minibasi Lachiwiri m'mawa, ndinaona ngati ndi nkhani yoti ingadikire sabata yamawa. Tsiku limenelo anthu ambiri anali atanditumizira zawo. Komanso zithunzizo zinafika mosokonekera, lachisanu linali patsogolo pa lachitatu, ndipo lachinayilo linali ndi mthunzi wa dzanja."

Kunena zoona mtima unandipsa. Mwana amene ndinkamukalipira ine ndemwe kuti aziwerenga funso lonse asanayankhe, lero akundiuza kuti anasiyira pa tsamba lachiwiri! Koma ndisanatsegule pakamwa anati, "Ndipatseni mphindi khumi." Zitatha mphindizo ananditumizira mawu otaipa bwino, ndipo ndime yake yoyamba inali yotere:

"Ndikupempha kuti abale a malemu amuna anga aletsedwe kuchotsa katundu m'nyumba imene ndikukhala ndi ana athu atatu. Anena kuti abwera ndi lole Loweruka lino m'mawa. Ndinali mkazi wa malemuwo kwa zaka 14 ndipo sanasiye wilo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati katundu wa m'nyumba amatsala ndi mkazi kapena mwamuna wa womwalirayo, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu."

Pansi pake panali ndime zisanu ndi ziwiri zokhala ndi manambala, iliyonse mfundo imodzi. Zonse zofunika zimene ndinalemba ine zinalimo. Chimene chinasintha ndi malo amene chilichonse chinakhala. Lachisanu anayenda nayo kalatayo kumene inayenera kupita, ndipo Loweruka lole itafika inapeza amfumu ndi anthu ena oyenera atakhala kale pakhonde. Inabwerera yopanda kanthu. Njinga ndi wailesi zimene anali atatenga kale sizinabwerere mpaka lero, ndipo za nyumba akukambiranabe. Koma ana aja akugonabe pa mabedi awo.

Chiyambire tsiku limenelo ndakhala ndikudzifunsa kuti analakwa ndani. Ndapeza kuti ndinalakwa ndine, ndipo ndinalakwa chifukwa chotsatira bwino zimene ndimaphunzitsa.

Tiyeni tione kaye munthu amene tikumulembera. Foni yanga ikatsegula kalata imaonetsa mizere pafupifupi 15 nthawi imodzi. Pepala ukaligwira m'manja umaona kutalika kwake, umatha kutembenuza n'kuona kumapeto, diso limatha kugwa pa mawu akuti "Loweruka" ngakhale usanafike pamenepo. Pafoni zimene sizili pa sikirini palibe. Wowerenga sadziwa ngati kutsogoloko kuli moto kapena kuli malonje enanso. Pamwamba pa apo mauthenga ena akulowa, kondakitala akufuna ndalama, batire likutha.

Akatswiri anaziona kalekale zimenezi. Mu 1997 Jakob Nielsen, amene amafufuza m'mene anthu amagwiritsira ntchito intaneti, anapeza kuti mwa anthu 100 alionse amene anawayesa, 79 ankangoyendetsa maso patsamba kufuna mawu ofunika, ndipo 16 okha ndiwo ankawerenga liwu ndi liwu. Mu 2006 gulu lake linatsatira maso a owerenga ndi makina n'kupeza kuti ambiri amawerenga mizere yapamwamba mokwanira, kenako amatsika akungoyang'ana mawu oyambirira a kumanzere, moti njira ya maso awo imaoneka ngati chilembo cha F. Mu 2018 Pablo Delgado ndi anzake anasonkhanitsa kafukufuku 54 wokhudza anthu oposa 170,000, ndipo anapeza kuti anthu amamvetsa bwinopo nkhani yofotokoza zinthu akaiwerenga papepala kusiyana ndi pa sikirini, makamaka nthawi ikawachepera. Kafukufuku wa Nielsen anachitikira pa makompyuta a sikirini zikuluzikulu. Nanga kuli bwanji kafoni kokwana m'thumba la malaya?

Mwina wina anena kuti nkhani za malamulo n'zazitali mwachibadwa ndipo anthu amadikira. Inde, tonse tikukumbukira pa 3 February 2020, pamene majaji asanu a khoti loona za malamulo oyendetsera dziko anawerenga ku Lilongwe chigamulo cha mlandu wa chisankho cha pulezidenti cha pa 21 May 2019. Chigamulocho chinali cha masamba pafupifupi 500. Anayamba m'mawa, ndipo ife tinakhalira wailesi tsiku lonse mpaka kunja kutada, pamene tinamva kuti chisankho chichitikenso pasanathe masiku 150. Palibe anatseka wailesi. Koma taonani kusiyana kwake. Tsiku limenelo ofuna yankho tinali ife omvera, olankhula ndiwo anali nalo. Khoti likhoza kukudikiritsa chifukwa ulibe kwina kopita. Mayi wamasiye amene akulembera loya, kapena loya amene akulembera jaji, ali mbali inayo. Iye ndiye wopempha, ndipo wowerengayo ali ndi mulu wa ena opempha ngati iye.

Ngakhale makhoti enieniwo anazindikira kuti owerenga asintha. Khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko la South Africa, ku Johannesburg, limaika chidule ndi chimene lalamula pamwamba penipeni pa chigamulo, zifukwa zake n'kumabwera pambuyo. Khoti lalikulu la ku Britain, limene linayamba ntchito ku London mu 2009, limatulutsa kapepala kachidule pamodzi ndi chigamulo kuti atolankhani ndi anthu wamba amve msanga. Kuno kwathu zigamulo zambiri zimaikidwa pa MalawiLII, pamene aliyense angawerenge ulere. Ngati majaji, amene sapempha kanthu kwa munthu, akuyamba ndi mfundo, ife opempha tikudikiriranji?

Ndinakamba zimenezi m'chipinda cha aphunzitsi ndipo sanandivomereze onse. Mayi wina wachikulire amene amaphunzitsa Chichewa, amene ndimawalemekeza kwambiri, anandiuza kuti, "Achimwene, mukufuna tiphunzitse ana mwano. Munthu sungafike pakhomo pa wamkulu n'kuyamba ndi 'ndikufuna'. Umayamba wapereka moni, n'kufotokoza kumene wachokera." Mawu awo ndi oona, ndipo ine ndinakulira momwemo. Pabwalo la mfumu wodandaula amayambira patali, amatchula makolo, amaponyapo mwambi, ndipo mfundo imafika anthu atakonzeka kuilandira. Koma pabwalo anthu amakhala atakhala pansi, sangachoke mlandu usanathe. Amfumu akaona kuti wasochera amakubweza ndi funso. Nkhope yako ndi mawu ako onjenjemera zimanena kuti nkhaniyi ndi yachangu usanaitchule n'komwe. Kalata ya pafoni ilibe nkhope, ndipo wowerenga akhoza kuchoka pabwalopo ndi chala chimodzi popanda womuona.

Choncho ndinawayankha mayiwo kuti moni asachoke. Akhalepo, mzere umodzi, waulemu wake wonse. Koma ulemu wina umene tingapereke kwa munthu wotanganidwa ndi kumuuza msanga chimene tadzera, kuti adziwe ngati ayenera kusiya zina n'kuthamangira zathu. Mwana wanga uja sindinamulemekeze pomubisira lole pa tsamba lachinayi. Ndinamuika pamalo oti akanadziimba mlandu moyo wake wonse katundu uja akanapita.

Mnzanga wina wa History anabwera ndi nkhawa ina, ndipo iyi ndi yolemera. Iye anati kufupikitsa nkhani ya malamulo n'koopsa, chifukwa chimene wasiya chikhoza kukhala chimene chikanakupulumutsa, ndiponso anthu a pafoni azolowera timawu tokoma topanda umboni. Ndikugwirizana naye kotheratu, ndipo n'chifukwa chake sindikunena kuti tizilemba zazifupi basi. Kalata ya mtsikana uja sinataye tsiku la ukwati, mayina a ankhoswe, kapena malisiti a malata ndi simenti. Inangoziika pansi pa pempho, chilichonse m'ndime yake, kuti wofuna kutsimikiza apeze msanga. Inayankhanso mfundo yamphamvu ya mbali inayo. Abale aja ankati malemu anamanga pamalo a makolo awo, ndipo ndime yachitatu inavomera poyera kuti malowo anapatsidwa ndi amalume awo, kenako n'kufotokoza chifukwa chake zimenezo sizikupereka mphamvu kwa munthu yolowa m'nyumba n'kunyamula mipando. Ine m'masamba anga asanu mfundo imeneyi ndinailambalala poopa kuti itifooketsa. Wowerenga wanzeru akapeza yekha chimene wabisa, amayamba kukayikira zonse zimene walemba.

Pali chinanso chimene sikirini yabweretsa chimene pepala linalibe. Masiku ano munthu amajambula ndime imodzi ya kalata kapena ya chigamulo n'kuitumiza m'magulu, ndipo imayenda yokha popanda zinzake. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo ambiri amene amakangana za milandu m'magulu athu a WhatsApp anangoona kachidutswa kotere. Wolemba ayenera kudziwa kuti ndime yake iliyonse ikhoza kudulidwa choncho. Ngati ndime ikunena kuti "iwo anavomera" koma "iwo" anatchulidwa masamba awiri kumbuyo, wojambula adzaikapo dzina limene akufuna. Ndime iliyonse itchule munthu wake, tsiku lake ndi mfundo yake, kuti ngakhale itayenda yokha inene zoona.

Tsono kwa inu ana anga akale amene muli m'maofesi a maloya, m'mabungwe, m'mipingo ndi m'makomiti a m'midzi, ndi kwa aphunzitsi anzanga amene anthu amatipeza kuti tiwalembere, nazi zimene ndatolapo. Mizere yoyamba inene chimene mukupempha, kwa yani, pofika liti, ndi chifukwa chachikulu chimodzi. Ngati pali tsiku loopsa, likhale pamenepo, lolembedwa m'manambala. Ndime zikhale zazifupi ndipo zikhale ndi manambala, kuti pokambirana pafoni muzingoti "onani ndime 6" m'malo mosakasaka. Ngati kalata ndi yaitali ikani timitu, ndipo kamutu kazinena mfundo. Kamutu kakuti "Za nyumba" sikathandiza munthu wothamanga, koma kakuti "Nyumba inamangidwa ndi ndalama za banja" kamufikitsa uthenga ngakhale asawerenge zapansi pake. Mawu ofunika akhale kumayambiriro kwa chiganizo, kumene diso limagwera. Pewani timawu ta m'munsi mwa tsamba, chifukwa pafoni munthu akatsika kukationa sabwereranso pamene anali.

Ndipo chonde, ngati n'kotheka taipani. Chithunzi cha pepala lolemba pamanja chimafuna kuchikulitsa ndi zala mzere uliwonse, sungafufuzemo liwu, chimadya bandulo, ndipo zithunzi zambiri zimasokonekera ngati zanga zija. Ikani zonse mu PDF imodzi, umboni kumapeto, chilichonse ndi nambala yake. Fayiloyo ipatseni dzina lomveka, lokhala ndi nkhani yake ndi tsiku, kuti munthu akaifuna pakatha mwezi aipeze. Mukatha, dzitumizireni nokha, muitsegule pafoni yanu, muone chimene chikuoneka musanasunthe chala. Chimenecho ndicho kalata yanu kwa anthu ambiri.

Funso lotsala ndi la m'kalasi, ndipo ndikudziwa chimene anzanga a Fomu 4 mukuganiza: mayeso a MSCE ali ndi kachongedwe kake, ndipo mwana akasiya chiyambi, thunthu ndi mathero ataya malikisi. Sindikuuza aliyense kuti aike ana pachiswe. Koma palibe chimene chimaletsa chiyambi kunena mbali imene wolemba waima ndi chimene akupempha. Ndife aphunzitsi amene tinazoloweretsa ana kuti chiyambi ndi malo otanthauzira mawu ndi kuzungulira. Timaphunzitsanso chifupikitso ngati phunziro lapadera la tsiku lina, osawauza ana kuti luso limenelo ntchito yake yeniyeni ndi kulemba mizere inayi yoyamba ya kalata yofunika.

Teremu ino ndayesa kanthu kena. Popeza mafoni saloledwa m'kalasi, ndinadula makatoni n'kuboola zenera la msinkhu wa sikirini ya foni. Mwana aliyense amalemba kalata yodandaula, mwina kwa mfumu za malire a munda, mwina kwa mphunzitsi wamkulu za kuchotsedwa sukulu popanda kumvedwa. Akatha amapatsa mnzake, amene amaika katoni pamwamba pa kalatayo n'kuwerenga zokhazo zimene zikuoneka pazenera. Kenako ndimafunsa wowerengayo kuti mnzakoyu akufuna chiyani, kwa yani, pofika liti? Tsiku loyamba m'kalasi la ana 62 amene anayankha mafunso onsewo anali 5. Ena onse pazenera pankangooneka keyala, moni ndi mbiri ya agogo awo. Tinaseka, koma ndinawauza nkhani ya lole ija osatchula mayina, ndipo kuseka kunatha. Mtsikana wina wa kumbuyo anakweza dzanja n'kunena kuti zoterezi zinawachitikira amayi ake, koma kwawo lole inapita yodzaza. Sabata yachitatu ambiri anali atayamba kukwanitsa, ndipo chimene chinandidabwitsa n'choti thunthu la makalata awo linayambanso kuwongoka. Mwana akadziwa chimene akupempha kuyambira mzere woyamba, amadziwanso mfundo zoyenera kulowa ndi zongotalikitsa.

Ambiri mwa ana amenewa sadzakhala maloya. Koma pafupifupi aliyense tsiku lina adzalemba kalata imene padzakhale munda, ntchito, malipiro kapena denga la ana ake, ndipo kumudzi kwawo iye ndiye adzakhale "wophunzira" amene anthu adzamupeze usiku ngati m'mene alamu anga anandipezera ine. Kalata imeneyo idzawerengedwa pafoni ndi munthu wotopa. Ngati sitiwakonzekeretsa zimenezo, malikisi 18 pa 20 aja adzawathandiza chiyani?

Mwana wanga uja ndinamuimbiranso patapita masiku kuti ndimuthokoze, ndiponso ndimupepese chifukwa cha mtima umene unandipsa usiku uja. Anaseka n'kunena kuti, "Aphunzitsi, kuika mfundo imodzi m'ndime imodzi munandiphunzitsa ndinu. Ine ndinangotembenuza kalatayo mutu pansi." Ndamupempha kuti teremu ikubwerayi adzalankhule ndi ana a Fomu 4, ndipo wavomera. Aphunzitsi a sukulu zoyandikana amene mungafune kubwera ndi ana anu tsikulo, mundiuze msanga kuti tikonze malo. Makatoni aja ndili nawo ambiri, wofuna ndimugawira.